Sutikesi Yako Sinditumiza

Lusungu mwana wanga,

A Mkandawire afika m'mawa uno ndi njinga yawo yamoto, ati wawatuma kuti adzatenge sutikesi yako. Ndawabweza chimanjamanja. Ndawauza kuti adutsenso dzuwa likapendeka adzatenge kalata ino, ndipo ndi yokhayi imene ulandire kuchokera kuno lero. Sutikesi ili m'chipinda mwako pomwe unaisiya Lamulungu. Zovala unasiya pachingwe zija ndinasita n'kulongedza, pasipoti ndi mapepala a ndege zili m'kathumba ka pamwamba, sindinabise kanthu. Koma sinditumiza. Basi ya ku Lilongwe imanyamuka ku Mzuzu masana, ndiye mawa m'mawa mpata ulipo woti udzatenge katundu wako ndi manja ako. Ukwiye nane ngati ukufuna. Ndinakubala ndine, mkwiyo wako ndinayamba kuudziwa uli kumsana.

Ankhazi ako, alongo awo a adada ako aja, andiimbira foni kuchokera ku boma. Ati chifikire kwawoko sukudya bwino, ndipo walumbira kuti pakhomo pano supondapo mpaka ukwere ndege. Ndiye ndikuuze mosapita m'mbali chimene chikundisowetsa mtendere. Adada ako anagwa ndi sitiroko chaka chatha, mwendo wamanzere mpaka lero amachita kuukoka, ndipo mankhwala a bipi amamwa ndikawaimirira. Iwe ukupita ku Ulaya zaka zinayi. Ndikuopa, Lusungu. Ndikuopa kuti mawu munalankhulana Lamulungu aja angakhale omaliza pakati pa inu awiri, ndipo amene adzawasenze moyo wake wonse ndiwe. Zimenezo sindingazilole ine ndili moyo.

Tiye tibwerere pomwe zinayambira, chifukwa iwe ukukumbukira mapeto okha. Tsiku unabwera kuchokera ku Mzuzu ndi nkhani yoti akutenga kukapitiriza maphunziro, ine ndinalulutira mpaka nkhuku zinabalalika. Adada ako anavula mandala, anawapukuta ndi mpango, anangonena zikomo wa Chitumbuka uja, anati, "Yewo." Basi. Unadikira mawu ena, sanabwere. Kuyambira pamenepo sunawapatse mpata wopuma, m'mawa funso, madzulo funso. "Adada, yewo wakuti chiyani? Mwakondwa kapena mwakhumudwa?" Iwo n'kumangoti, "Ndati yewo, NyaGondwe." Ndiye Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, pamaso pa ankhazi ako ndi madoda a mpingo amene anabwera kudzakutsanzika, unaima pakati pa bwalo kufuna yankho loti upite kapena usapite, unati, "Adada, lero ndikufuna zgolo. Ndilute kapena ndisalute? Enya kapena yayi?" Adada ako anatsamira ndodo yawo. Anati, "Ukufuna zgolo? Luta. Ndipo pa maliro anga usadzabwere." Walira mvula walira matope, mwanawe. Unafuna yankho, unalipeza.

Sindikuwaikira kumbuyo ayi. Mawu amenewo ndi oipa, ndipo alendo atangochoka ndinawauza popanda kubisa kuti, "A Gondwe, mkulu wa mpingo salankhula choncho kwa mwana wake." Anangotenga chipewa n'kutuluka. Koma ine ndakhala nawo nthawi yaitali kuposa iwe, ndipo ndikukuuza kuti chimene chinatuluka m'kamwa mwawo tsiku lija si chimene chinali mumtima usanafunse. Chinalimocho unachiphwanya pochikoka.

Zimenezi iwe uyenera kuzimva msanga kuposa ine, chifukwa ndiwe unandiphunzitsa. Ukukumbukira tikuswa mtedza pakhonde, ine n'kukufunsa kuti kodi kumeneko ukukachita chiyani chimene ku Mzuzu kulibe? Unati kuwala, ngakhale kumaoneka ngati chinthu chimodzi chongotambasuka, kuli ndi timbewu take ting'onoting'ono, ndipo kamodzi mumakatcha fotoni. Unati diso likaona chinthu ndiye kuti lameza timbewuto, kamera nayonso imameza, ndipo kambewu kamene wakaona kulibenso, katha. Ine ndinaseka, ndinati ndiye kuti tonsefe ndife adyera, tikungodya dzuwa tsiku ndi tsiku. Iwe sunaseke, unali utalowa kale m'kalasi. Unati anthu amene ukukagwira nawo ntchito amafuna kudziwa kuti kambewu kalipo popanda kukameza. Amakatsekera pakati pa magalasi awiri oyang'anizana, osalala koopsa, m'malo ozizira kwambiri moti chisanu cha ku Nyika n'chifundizi. Kenako amadutsitsa atomu pakati pake, atomu imene aikonza kuti isathe kumeza kambewuko, ingodutsa basi. Unati atomuyo ili ngati kawotchi. Ikadutsa mopanda kanthu imatuluka nthawi yake ili bwinobwino. Ikadutsa muli kuwala imatuluka nthawi itasuntha pang'ono, ngati wotchi yotsalira. Ndiye inu simusuzumira m'kati, mumangowerenga kawotchiko. Kuwala kumatsala momwemo, ndipo mungathe kutumiza atomu ina, ndi inanso, mpaka mutatsimikiza.

Sindinganame kuti ndinamva zonse. Ine ndakalambira kuphunzitsa Sitandade 3, ndipo mpaka pano sindimvetsa kuti chinthu chosaoneka mumachitsekera bwanji. Koma zinthu ziwiri ndinasunga. Choyamba n'chakuti simusuzumira m'kati, mumawerenga chodutsa. Chachiwiri ndikuuza ndikamamaliza. Usathamangire kumapeto monga umachitira ndi mabuku, ndikukudziwa.

Boma litanditumiza kuno kuchokera ku Dedza ndinali mtsikana, Chitumbuka sindinkachidziwa ngakhale cha moni. Mawu amene anandizunguza mutu ndi yewo yemweyu. Wopereka yewo, wolandira yewo, wodutsa panjira yewo, wovomera yewo, ngakhale wokana mwaulemu yewo. Zikomo wathu ali ndi ntchito zambiri, koma yewo wa kuno amamuposa. Chaka choyambacho ndinasungulumwa mpaka ndinapempha kuti andibwezere kwathu. Adada ako nthawi imeneyo anali mnyamata wa kalasi loyandikana ndi langa, wamalaya osita, wosaseka wamba. Mtima wanga unali utayamba kale kupendekera kwa iwo, ndiye ndinawauza za pempholo kuti ndione nkhope. Anati, "Yewo, NyaPhiri." Ndinapsa mtima. Mawa lake ndinawapanikiza pamaso pa aphunzitsi anzathu, ndinati, "Kodi mukuti ndizipita?" Anati, "Msewu ndi waboma, pitani." Ndinalira mpaka maso anatupa, ndipo ndinayamba kugawa miphika yanga kwa anansi. Chimene chinandiimitsa n'chiyani, ukudziwa? Ndikuchokera kokatunga madzi ndinapeza kuseri kwa nyumba yanga kwakumbidwa maenje, mwabzalidwa ana a nthochi, ndipo khasu lotsamira pakhomapo ndinalizindikira. Nthochi sibereka mawa, Lusungu. Munthu amene akukutsanzika sakubzalira nthochi. Ndinakatenganso miphika yanga mwamanyazi, ndipo nthochi zimenezo zinapsa ndili kale mkazi wawo.

Ukuona kuti pakamwa pako pofuna zgolo unatengera ine? Ankhazi ako amati unatenga mutu wa adada ako ndi lilime langa, ndipo kuti Mulungu akanasinthanitsa bwenzi pakhomo pano pali bata. Ine sinditsutsa.

Titangolowa m'banja, apongozi anandipatsa thadzi limodzi kuti ndiyambire. Linaikira, linayamba kufungatira, ine mtima m'mwamba. Masiku anandichulukira, ndinayamba kukayika kuti mwina mazirawo anasukusa ndipo nkhuku ikungokhalira zowola. Tsiku lina thadzi litatsika kukadya ndinatenga dzira limodzi n'kuliswa pamwala kuti ndione. Munali kamwanapiye, Lusungu, kamaso kale, kakugwedera. Kanafera m'dzanja langa ndikukayang'ana. Ndinadziwa zimene ndinkafuna kudziwa, koma nkhuku imeneyo sinakhaleko. Adada ako anandipeza ndili chilili ndi zikhokhombe m'manja. Sanandikalipire. Anatseka mawindo masanasana, anatenga tochi, anapinda chikuto cha kope ngati fanulo n'kuveka kutsogolo kwake, anaika dzira lina pamwamba. Dzira lonse linayaka ngati khala, ndipo m'kati munaoneka timitsempha tofiira ndi kachinthu kakuda kakusuntha. Anati, "Onani, NyaPhiri. Kali moyo. Kabwezereni kasanazizidwe." Ndinathamanga nalo ku chisa nditalifumbata ndi manja awiri.

Tochi yomweyo ndi imene anakuonetsera iwe mazira uli kamwana kosavala nsapato, ndipo unkakana kutuluka m'chipinda chamdimacho mpaka mabatire atha. Kalilole wanga munamuswera limodzi pofuna kuponya dzuwa padenga. Ndiye ukamaganiza kuti adada ako akudana ndi maphunziro akowa, uyambe wadzifunsa kuti zakuwalazi unazitenga kwa ndani. Kwa ine ayi, ine ndinkangodandaula za mabatire.

Nkhani inayi sindiikonda kuinena, koma lero ndiinena. Mlongo wako Vitumbiko, amene anabadwa iwe usanabadwe, anatisiya ndi malungo asanayambe n'kuyenda komwe. Dzina lake umalidziwa, koma za masiku amenewo sindinakuuzepo. Pa maliro adada ako sanagwetse msozi. Nyimbo anayambitsa okha, mawu osanjenjemera, ndipo mawa lake anapita ku sukulu malaya osita. Ine zinandipweteka kuposa imfayo. Ndinawafunsa kamodzi, kawiri, osayankha. Tsiku lina ndinaima pakhomo la chipinda kuti asatuluke, ndinati, "Kodi mwanayu anali wanga ndekha? Nenani ngati zikukupwetekani." Anandiyang'ana, anati, "Mukanapita naye msanga ku chipatala bwenzi mulibe chondifunsa." Mawu amenewo, mwana wanga, ndi mapasa ndi amene unalandira iwe Lamulungu. Dzinja lonse limenelo tinkadyera m'nyumba imodzi ngati alendo a pa depoti, ndipo ine ndinamanga katundu wa ku Dedza.

Iwe ukudziwa kuti adada ako ndi wotchi ya chigwa chino cha Henga. Ali pa ntchito, ana ankati akawaona akudutsa pa mlatho amayamba kuthamanga osadikira belu. Atapuma ntchito mpingo unawapatsa kuti aziimba belu la tchalitchi, chitsulo chija cha gudumu la lole chopachika pa mkuyu, ndipo anthu amakonzera mawotchi awo pa iwo. Ngakhale sitiroko sinawachedwetse, anangoyamba kunyamuka msanga. Munthu wotereyu, dzinja limene lija, anayamba kuchedwa pochokera kudimba. Osati kwambiri, pang'ono chabe, koma madzi osamba amene kale ankawapeza otentha anayamba kuwapeza ofunda. Kenako pochapa ndinaona kuti m'mawondo mwa thalauzi lawo muli katondo. Dothi la kudimba kwathu ndi lakuda bii. Katondo ali kumtunda, kumanda a kwa a Gondwe, kumene munthu sapita yekha poopa kuti anthu angamuganizire zina. Sindinawatsatire, sindinafunse. Ndinamasula katundu wanga, ndinayamba kuteleka madzi mochedwerapo, ndipo thalauzi ndinkangolichapa. Mvula isanathe anandiuza okha, tikupalira, osandiyang'ana, kuti, "NyaPhiri, mawu aja sanali anu. Ndimadzinena ndekha." Iwe unabadwa chaka chotsatira, ndipo dzina lakuti Lusungu anasankha ndi iwo.

Ndiye tamva zimene ndaona chichokere iwe, chifukwa nanenso ndakhala ndikuwerenga kawotchi kanga. Za iwe sanatchule ngakhale kamodzi, ndipo ine sindinawayambe. Koma nyumba ino ukuidziwa, kuti munthu wochokera ku chipinda chathu kupita panja amadutsa pakhomo la chipinda chako. Ndodo yawo pa simenti imamveka mpaka ku khitchini, go, go, go. Lolemba m'mawa inafika pakhomo lako n'kukhala chete, kenako inapitirira. Ndinati mwina mwendo. Unandiuza kuti atomu imodzi siikwanira kutsimikiza, ndiye ndinadikira. Madzulo chimodzimodzi. Dzulo inakhala chete mpaka madzi a tiyi anawira n'kusefukira pamoto ine nditaiwala, makutu ali kukhonde. Pakhomo la nkhokwe siima, pakhomo la bafa siima. Mwendo wodwala susankha khomo, Lusungu.

Pali chinanso. Dzulo lomwelo anandifunsa kuti kodi ku Ulaya mwezi uno kukutentha kapena kukuzizira. Anafunsa akuyang'ana tomato, ngati nkhani ya nyengo chabe. Ndinati kukuyamba kuzizira. Anati, "Yewo." Mlomo unandiyabwa kuti ndifunse kuti akufunsiranji, koma ndinauluma. Pa msinkhu uno ndaswa mazira okwanira.

Tsopano tamvera za mawa, ndipo umvetsetse. Ubwere m'mawa, dzuwa lisanakwere, uwapeze asanapite kudimba. Usabwere ndi ankhazi ako, usabwere ndi madoda, mboni zinakwana Lamulungu. Ugwade monga umachitira, uti, "Monire, adada." Usawafunse ngati akhululuka. Usawafunse ngati ankanenadi za maliro zija. Usayembekeze kuti apepesa, ndipo nawenso usabwere ndi chipepeso chachitali cha Chingerezi chimene chingawakakamize kuyankha. Uwapatsire tiyi, ukhale pansi, ufunse za tomato. Nthawi yonyamuka ikakwana ungoti, "Adada, nkhuluta." Akati yewo, umulandire yewo ameneyo wathunthu. Usamuswe kuti uone kuti muli chiyani. Muli kunyadira, muli mantha, muli mkwiyo woti thupi lawasiya pamene mwana wawo akuuluka, muli ndi dalitso lomwe. Zonsezo zimakhalira limodzi bwinobwino mpaka wina atawauza kuti asankhepo chimodzi. Iwe ungopenya kuti dzanja lako aligwira nthawi yaitali bwanji. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikudziwa chimene ukunena pamene ukuwerenga apa. Ukuti, "Amama, bwanji nthawi zonse ndife timayenera kuwerenga iwo? Pakamwa ali napo." Ukunena zoona, ndipo nanenso ndadandaula zomwezo kwa Mulungu kangapo. Akanakhala munthu wolankhula bwenzi moyo wanga utapepuka. Koma munthu sasintha pa ukalamba chifukwa chakuti mwana wake ali ndi ulendo mawa. Unandiuza wekha kuti ngakhale njira yanu ya magalasi ija siisiya kuwala osakukhudza konse, pali kenakake kamasokonezekabe, kungoti chimene mukufunacho chimatsala. Kubwera kwako mawa kuwapweteka, ndipo iwenso kukupweteka. Koma mukatsala muli bambo ndi mwana wake.

Usandimve molakwa. Sindikukuphunzitsa kukhala duu. Ukakadwala kumeneko, dokotala ukamufunse mpaka akuuze dzina la matenda. Wina akakakuchitira chipongwe, kaya ndi mphunzitsi wako kaya ndi mwini nyumba, ukalankhule mokweza, lilime langa lija likagwire ntchito yake. Makina anuwo ukawafunse mpaka atope, ndiyo ntchito wapitira. Chimene ndikunena n'chakuti pali zinthu zofunsa ndi zinthu zodikira, ndipo iwe ndi ine timazisokoneza.

Kumeneko ukapeza anzako. Ena adzakhala ozizira ngati nyengo yawo, osakupatsa moni m'mawa, ndipo udzafuna kudziwa msanga ngati akukufuna kapena akungokupirira. Usakawaike pabwalo. Ukaone amene akusungira mpando, amene wachedwa kupita kwawo chifukwa makina ako avuta. Ndipo akakapezeka mnyamata, usatembenuze maso, ndikudziwa kuti wakula, usakamufunse tsiku ndi tsiku ngati amakukonda. Funso limenelo likachuluka limadya chimene likufunsacho. Ukaone ngati amabzala nthochi. Koma akakakhala wa mawu ambiri wopanda khasu, ameneyo ndiye ukamufunse zgolo, enya kapena yayi, ndipo ukandiimbire ndimve nawo.

Nawenso usakadziswe. Ndimakudziwa, mayeso akakuvuta umadzitsekera n'kuyamba kudzifunsa ngati uli ndi nzeru n'komwe, ngati anakusankha molakwitsa, ngati mwana wa ku Henga angaime ndi ana a eni. Kudzabwera miyezi imene kawotchi kanu sikadzaonetsa kanthu, ndipo dzuwa lidzalowa usanadye n'chamasana chomwe. Pa masiku amenewo usakadzizenge mlandu. Ukadye, ukagone, ukapite ku tchalitchi ngakhale nyimbo zawo zikhale zozizira, m'mawa ukabwerere ku magalasi ako. Juzi yaubweya ija ndaiika pamwamba penipeni, chifukwa ndikudziwa kuti ukanaisiya ponena kuti ndi yachikale.

Za foni. Uziimba Lamulungu tikaweruka. Ndizikawapatsa adada ako, ndipo adzati, "Uli makora? Yewo. Nawa amama ako." Usakhumudwe, ndipo usawafunse kuti, "Adada, mukupeza bwanji kwenikweni?" Za thupi lawo uzifunsa ine, ndikulonjeza kuti sindidzakubisira, zabwino kapena zoipa. Iwo uziwafunsa za mvula ndi za anapiye, uziwauza za magalasi ako ngati ukuuza mphunzitsi mnzako. Ukatero udzaona kuti foni ikuchedwa kubwerera kwa ine. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wa Lamulungu uja ukausiya pabwalo pano udzakwera nawe ndege, ndipo foni imeneyi sudzaiimba.

Chachiwiri chija ndi ichi. Tsiku la mtedza lija ndinakufunsa kuti, popeza kambewuko simukameza, ndiye kuti kamakhala m'magalasimo mpaka kalekale? Unapukusa mutu, unati, "Ayi amama. Magalasi ngakhale asalale bwanji, kamazimirira kokha, nthawi yake ndi ngati kuphethira kwa diso. N'chifukwa chake maatomu timawatumiza kakadalipo." Unanena ukutaya makoko, ngati nkhani wamba. Nthawi yomweyo adada ako ankakwera masitepe a khonde, akukoka mwendo uja. Sindikuwalosera zoipa, mwina adzakulandira okha pa bwalo la ndege ndi ndodo yawo. Koma ine sindikudziwa, iwe sukudziwa, adokotala nawonso sakudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti lero kuwalako kulipo, ndipo wodutsa ndiwe.

Ndinalekeza pang'ono kulemba. Lero ndi Lachitatu, tsiku la mapemphero a madzulo. Ndili pakhonde pano ndinamva adada ako akutuluka m'chipinda chathu pa nthawi yawo ya masiku onse, kuti akaimbe belu. Ndodo inabwera, go, go, go, inafika pakhomo lako, inakhala chete. Kenako ndinamva chitseko chako chikulira, chija ndimakuuza kuti uthire mafuta. Chichokere iwe anali asanalowemo. Ndinafuna kudzuka, Lusungu, Mulungu ndi mboni, ndinafuna kukasuzumira pawindo. Ndinagwira mpando ndi manja awiri. Mthunzi wa nyumba unafika pa chingwe choyanikira, unapitirira. Amayi amene anali atafika kale ku tchalitchi anayamba kutuluka pamsewu n'kumayang'ana kuno. NyaMsiska woyandikana nafe anaima pa mpanda, nkhope ili ndi mantha, anati, "NyaPhiri, a Gondwe ali makora? Belu lili zii." Nanenso ndinali nditaganiza za sitiroko. Koma ndinatchera khutu ndipo ndinamva bedi lako likulira monga limachitira munthu akamadzuka. Ndinati, "Ali makora chomene, akubwera."

Anatuluka mandala ali m'manja. Anandidutsa osandiyang'ana, osafunsa kuti ndikulembera ndani, anatsika masitepe n'kulowa msewu. M'chipindamo sindinalowe ndipo sutikesi sindinaitsegule. Kaya aikamo kanthu, kaya anangokhala pabedi, sindikudziwa ndipo sindifunsa.

Belu likulira tsopano pamene ndikulemba mzere uno. Chikhalire ine m'chigwa chino, aka n'koyamba kuti lichedwe, ndipo Henga yense wamva. Iwe ndiwe wodziwa kuwerenga mawotchi, werenga wekha.

A Mkandawire afika, akuliza hutala pamsewu. Ndawauza kuti akutenge m'mawa kwa ankhazi ako, ndipo adikire pano mpaka utatsanzika. Mawa tiyi ndiphika wa anthu atatu.

Ndine amama ako,
NyaPhiri